Gulu la Jacobite ndi Mkangano wa Ufumu ku Britain

Gulu la Jacobite linali la anthu a ku Scotland, Ireland ndi England amene ankamenyera nkhondo kuti banja la Stuart libwerere pampando wachifumu. Linayamba Mfumu James II wa banjali, yemwe anali Mkatolika, atathawira ku France mu 1688. Chaka chotsatira, Nyumba ya Malamulo inalonga ufumu mwana wake wamkazi Mary pamodzi ndi mwamuna wake William wa ku Orange, onse Apulotesitanti.

Chikhulupiriro chawo

Kwa anthuwa, ufumu ndi wobadwa nawo ndipo amaupereka ndi Mulungu, kotero aphungu alibe mphamvu youchotsa kwa mwini wake. Mkwiyo wawo unakula ndi lamulo la mu 1701 loletsa Mkatolika kulowa ufumu. Mfumukazi Anne itamwalira mu 1714, lamulolo linalumpha abale ake ambiri Achikatolika, mpando n'kupita kwa George I wa ku Hanover.

Poti kuyikira kumbuyo banja la Stuart unali mlandu woukira boma, ankazindikirana ndi zizindikiro. Duwa lawo linali rozi loyera. Pomwa vinyo mofunira mfumu zabwino, ena ankayamba adutsitsa tambula pamwamba pa mbale ya madzi, kusonyeza kuti mfumu yawo yeniyeni ili kutsidya kwa nyanja.

Nkhondo zawo

James anagonja pamtsinje wa Boyne ku Ireland mu 1690, ndipo kuukira kwa mu 1715 nakonso sikunaphule kanthu. Mu Ogasiti 1745, mdzukulu wa James, Charles Edward Stuart, anakweza mbendera ku Glenfinnan. Mothandizidwa ndi mafuko a kumapiri a Scotland, analanda mzinda wa Edinburgh n'kulowa mu England mpaka ku Derby. Ataona kuti Angerezi owathandiza ndi ochepa, akuluakulu a asilikali ake anaumirira zobwerera. Pa 16 Epulo 1746, gulu la nkhondo la boma linawagonjetseratu ku Culloden pasanathe ndi ola lomwe.

Mathero ake

Pofuna kuti zoterezi zisadzachitikenso, boma linalanda zida kumapiriko, linaletsa zovala zamakolo za anthu akumeneko, ndiponso linachotsera mafumu a mafuko mphamvu zoweruza milandu. Charles anamwalira ku Rome mu 1788 asanalawe ufumu. Mng'ono wake Henry, yemwe anali kadinala, anatsikira kulichete mu 1807 wopanda mwana. Mpaka lero, Mkatolika saloledwa kukhala mfumu ya Britain.