Nsanja ya Wotchi pa Mlatho wa Mangochi

Abale amene munafikako ku Mangochi, musanaoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi munaiona nsanja ya wotchi ya njerwa ija. Inamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyo ikutchedwa Fort Johnston. Mlathowo ngwadzanadzanali, womangidwa ndi thandizo la Japan. Nsanjayo ndiye nkhalakale.

Koma ife a kuno ku Lupembe chotikhudza chili pambali pake. Pali chikumbutso cha sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Florence Bay, pa Chitimba pompa, kumwera kwa Chilumba. Namondwe anaigubuduza, ndipo anthu 145 anathera m'madzi. Ambirife timangodutsapo pa basi, kuthamangira kwa achibale ku Namwera, osatsikako n'komwe kukawerenga.