Zobvala za ku Gettysburg

Ku dziko la America kuli anthu amene asoka ndi manja zobvala za asilikari akale, nayenda nazo maulendo atali kukasewera nkhondo ya makolo ao. Mwambo umenewu tiyenera kuulingalira.

Kuyambira pa 1 kufikira pa 3 July 1863, magulu a Kumpoto, obvala zabuluu, anamenyana ndi a Kumwera, obvala zotuwa, ku Gettysburg m'Pennsylvania. Akufa, olasidwa, ogwidwa ndi osowa anali ngati 50,000. Makina osokera analipo kale, koma nyumba ya boma ya Schuylkill ku Philadelphia inkapatsa akazi nsaru zodula-dula kuti akasoke kwao ndi singano. Cifukwa cace osewera a lero alimbika kusoka ndi manja, makamaka zibowo za mabatani, nabvala nsaru ya ubweya wa nkhosa, ngakhale July ndiwo mwezi wotentha kumeneko.

M'caka ca 1913 nkhalamba zoposa 50,000, asilikari akale a mbali zonse ziwiri, zinasonkhana pomwepo. Ena a Kumwera anayendanso pa munda umene anathirapo nkhondo, ndipo adani ao akale anawalandira pa linga la miyala, nagwirana nao canza.

Ciyanjano cotere tikondwera naco. Koma tisaiwale kuti muzu wa nkhondoyo unali ukapolo: m'1860 akapolo anali pafupi-fupi 4,000,000, ambiri a iwo olima thonje. Munthu angasoke msoko woona bwanji, akaiwala anthu amenewa, wasunga malaya, koma mbiri waitaya.