Machila a Nkhondo ya Karonga

Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga, pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Kufupi ndi Chileka ndi Lirangwe sikunamveke mfuti, komatu nkhondoyo inalowa m'midzi ya kumeneko kudzera mwa mafumu, omwe boma la atsamunda linawakakamiza kupereka amuna a mtengatenga. M'dziko lonse la Nyasaland, anthu pafupifupi 200,000 anasenza katundu wa nkhondoyi.

Wovulala moyo wake unali pa mapewa a anthu amenewa. Kumalo opanda msewu, msilikali wolasidwa ankamugoneka pa machila, amuna n'kumasinthana kunyamula masiku angapo asanafike kwa dokotala. Bala likamafika kuchipatala linali litayamba kale kununkha. Mankhwala opha tizilombo ngati penisilini kunalibe. Chimene dokotala akanatha n'kutsuka bala, kumanga, kapena kudula mwendo.

Zipolopolo sizinaphe anthu ambiri ngati mmene anachitira malungo, kamwazi ndi chibayo. Apa m'pamene panali nkhanza yoonekeratu: kwinini ndi chakudya chabwino zinkayamba kwa Azungu, kenako asilikali, amtengatenga n'kutsalira kumapeto. Ambiri anafera m'njira, opanda wolemba maina awo.

Dzikoli linali nawo kale anthu odziwa zachipatala. Ku Blantyre Mission, Dr Neil Macvicar anaphunzitsa John Gray Kufa ntchitoyi nkhondo isanayambe. Kufa anaphedwa ndi boma mu 1915 chifukwa chogwirizana ndi John Chilembwe, m'busa amene analemba kalata yodandaula kuti anthu a mu Afirika akufera nkhondo yosawakhudza.

Amtengatenga otsala anabwerera kwawo mu 1918, chimfine choopsa chikuwatsatira.