Kasungidwe ka galimoto ku Bua mwini akachoka kwa miyezi

Anthu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota akamapita kukagwira ntchito ku Johannesburg kapena kukachita maphunziro, ena amasiya galimoto pakhomo kwa miyezi ingapo. Kudera ngati la Bua, galimoto yongoima imawonongeka ndi zinthu zitatu: chinyezi, kutentha ndi makoswe.

Choyamba ndi malo. Bua ndi chigwa cholimidwa mpunga, pomwe mtsinje wa Bua umathira m'nyanja ya Malawi, ndipo mvula imagwa kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo. Madzi osefukira amene adavuta m'bomali mu Febuluwale 2024 adaonetsa kuopsa kwa malo otsika. Galimoto iikidwe pamalo okwera, pa simenti kapena pa njerwa, pansi pa denga. Pansi pa mtengo wa mango sipoyenera chifukwa utomoni ndi zitosi za mbalame zimadya penti. Pepala la pulasitiki nalo limatsekera chinyezi, dzimbiri n'kuyamba.

Chachiwiri ndi mafuta. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, wina ku Dwangwa m'boma lomweli. Ethanol amakoka madzi a mumpweya, choncho thanki yotsala theka imachita dzimbiri msanga. Thanki idzazidwe, ndipo oyilo wa injini asinthidwe ulendo usanayambe, pakuti oyilo wakale amakhala ndi asidi wodya zitsulo.

Batire imatha mphamvu yokha ngakhale galimoto isakuyenda, makamaka kotentha. Waya wa mbali ya negetivu uchotsedwe, kapena batire yonse isungidwe m'nyumba pamalo ouma. Matayala apopedwe mokwanira kuti asaphwe mbali yogunda pansi. Handibuleki isakokedwe, chifukwa m'chinyezi mabuleki amamatirira. Mmalo mwake galimoto isiyidwe m'giya, matayala atatchingidwa ndi njerwa.

Makoswe amachuluka pomwe pali matumba a mpunga ndi chimanga, ndipo amatafuna mawaya ndi kumanga zisa mu injini. Galimoto italikirane ndi zokolola, m'kati musesedwe bwino ndi kuumitsidwa kuti mipando isachite nkhungu, ndipo paipi yotulutsira utsi itsekedwe ndi nsalu, yomwe iyenera kuchotsedwa musanalize injini.

Kuliza injini kwa mphindi zisanu zokha kumawononga, chifukwa kumasiya madzi m'paipi ya utsi komanso kumatha batire. Ngati pali wachibale wokhala ndi laisensi, aziyendetsa galimotoyo kwa mphindi 30 pa msewu wa M5 kawiri pamwezi.

Pobwerera, mwini galimoto ayang'ane oyilo, madzi, mabuleki ndi mawaya asanaiyendetse. Aonenso ngati inshuwalansi ndi chiphaso cha COF zidakali ndi mphamvu, pakuti masiku ake amatha ngakhale galimoto itangoima pakhomo.