Mcere wa ku Malambo

Asanamangidwe mzinda wa Fort Jameson m'caka ca 1899, umene lero ucedwa Chipata, mcere unali cuma cosowa m'dziko la Mpezeni. Anthu anali kutsikira ku Malambo, m'cigwa ca Luangwa, kukausuma kwa Akunda. Olephera ulendowo anali kungotentha zomera ndi kuceza cidulo.

Akazi a kucigwako anali kupala dothi la mcere, kulithira madzi mumphika wobooka, ndi kuphika madzi odonthawo kufikira ataphwa. Koma nchito siinathere pomwepo ai. Mcere wonyowa ulemera pamutu, ndiponso usungunuka panjira. Motero anali kuyamba auumitsa pamoto.

Pamotopo mcere uthetheka, cifukwa pamene mibulu yace iumbika, timadontho ta madzi titsekeredwa m'kati. Tikatentha tisanduka nthunzi ndi kuphulitsa mbuluwo. Usiyana ndi mcere wabuluu wa mkuwa, umene amuna a kumigodi audziwa bwino. Umenewo madzi ali m'thupi lace lenileni: ukapsa uyera mbuu ngati phulusa, ndipo akaudonthezera madzi mtundu wace ubweranso.