Kodi Ethiopia akanatha kugonjetsa Italy mu 1936? Zonena gemu ndi zonena mbiri

 Lero ndikufuna tikambirane za magemu a pakompyuta amene amalola munthu kusintha mbiri yakale. Ena mwa aphunzitsi anzanga muona ngati ndi zachibwana. Komatu mwana amene wathera maola 50 akulamulira dziko pa laputopu ya achimwene ake amafika m'kalasi ali ndi maganizo ake kale a mmene nkhondo imayambira ndi mmene imathera. Ndi bwino ife tiwadziwe maganizo amenewo, chifukwa tidzakumana nawo pochonga mayeso, ndipo koposa apo mwanayo adzakula nawo.

Nditenga chitsanzo chimodzi chimene timaphunzitsa tonse tikafika pa kulephera kwa bungwe la League of Nations, nkhondo ya Italy ndi Ethiopia.

Gemu imene ndikunena ndi Hearts of Iron IV, yopangidwa ndi kampani ya Paradox ya ku Stockholm m'dziko la Sweden, ndipo inatuluka mu 2016. Wosewera amasankha dziko lililonse pa mapu monga analili pa 1 Januwale 1936, n'kumayendetsa mafakitale, asilikali ndi ndale za dzikolo mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Angathe kuuza kompyuta kuti mayiko ena atsatire zimene zinachitikadi, kapena aliyense achite zake. Mu 2022 kampaniyi inatulutsa gawo lowonjezera lotchedwa By Blood Alone, limene linakuza nkhani ya Italy, Ethiopia ndi Switzerland. Ukasankha Ethiopia, gemu imayamba nkhondo ili kale m'kati. Wosewera waluso amatha kutsekereza asilikali a Italy m'mapiri, kuwabweza, ngakhale kuwalanda Eritrea ndi Somaliland. Angathenso kuchotsa mfumu n'kusandutsa dzikolo lachikomyunizimu. Kwa mwana wa mu Africa muno, kuona Mussolini akuthamangitsidwa ndi chinthu chokoma kwambiri, ndipo sindimudzudzula.

Tsono tiyeni tikumbutsane zimene zinachitika.

Pa 1 Malichi 1896 asilikali a Mfumu Menelik II anagonjetsa Italy ku Adwa, ndipo manyazi amenewo Italy sanawaiwale. Mu Disembala 1934 panachitika mkangano wa asilikali pa zitsime za ku Wal Wal, ndipo Mussolini anapezerapo chonamizira. Pa 3 Okutobala 1935 mkulu wa asilikali Emilio De Bono anawoloka mtsinje wa Mareb kuchokera ku Eritrea, pamene Rodolfo Graziani analowera kummwera kuchokera ku Somaliland. Ethiopia anali membala wa League of Nations kuyambira 1923, choncho Mfumu Haile Selassie anadandaula ku Geneva. Bungwelo linavomereza kuti woyamba ndewu ndi Italy, ndipo mu Novembala 1935 linaletsa malonda ena ndi dzikolo. Koma pa mndandanda wa katundu woletsedwa panalibe mafuta a galimoto, malasha kapena chitsulo. Ngalande ya Suez, imene sitima za Italy zinkadutsamo ndi asilikali ndi zida, inakhalabe yotsegula.

Mu Disembala 1935 nduna yoona za kunja ya Britain, Samuel Hoare, ndi nduna yaikulu ya France, Pierre Laval, anagwirizana mwamseri zopatsa Italy gawo lalikulu la Ethiopia kuti nkhondo ithe. Manyuzipepala ataulula, anthu anakwiya ndipo Hoare anatula pansi udindo. Mwezi womwewo asilikali a Ethiopia anabwezera mwamphamvu kumpoto, ndipo gulu la Ras Imru linapambana pa mpata wa Dembeguina. Pietro Badoglio, amene anali atalowa m'malo mwa De Bono, anayankha ndi ndege zothira mpweya wapoizoni wotchedwa mustard gas, ngakhale Italy anali atasainira pangano la ku Geneva la 1925 loletsa zida zotere. Mu Febuluwale 1936 gulu la Ras Mulugeta linaphwasuka pa phiri la Amba Aradam. Pa 31 Malichi mfumu yeniyeniyo inatsogolera nkhondo ku Maychew ndipo inagonja. Pa 2 Meyi inachoka pa sitima ya pamtunda kupita ku Djibouti, ndipo pa 5 Meyi Badoglio analowa mu Addis Ababa. Pa 30 Juni 1936 Haile Selassie analankhula pamaso pa League ku Geneva, koma mwezi wotsatira bungwelo linachotsa ziletso zija.

Ndiye funso n'lakuti, kodi pa zonsezi ndi pati pamene zinthu zikanatha kupita kwina?

Gemu imayankha kuti ndi pabwalo la nkhondo. Ika asilikali ako pa mapiri oyenera, usawamwaze, dikira mdani atope. Muli choona m'menemo. Mapiri a Ethiopia analidi ovuta, misewu inali yochepa, ndipo atsogoleri a Ethiopia analuza kwambiri pamene anasonkhanitsa magulu aakulu poyera, pomwe ndege ndi mizinga zinkawapeza mosavuta. Gemuyi imaphunzitsanso bwino chinthu chimene ana athu chimawavuta, chakuti nkhondo ya masiku ano imadalira mafakitale, mafuta, njanji ndi madoko, osati kulimba mtima kokha. Mwana amene waona akasinja ake ataima chifukwa mafuta atha sadzafunsanso chifukwa chake nkhani ya mafuta inali yaikulu ku Geneva.

Koma ine ndikuti mphambano yeniyeni inali ku London ndi ku Paris. Italy analibe mafuta okwanira akeake, ndipo njira yachidule yokafikira ku Eritrea inali Suez. Britain ndi France anali ndi mphamvu zotseka njirayo, koma sanafune. Chifukwa chake chinali Hitler. Mu Epulo 1935 mayiko atatuwa, Britain, France ndi Italy, anali atagwirizana ku Stresa zoti aime pamodzi poletsa Germany kuphwanya mapangano, ndipo France makamaka ankaopa kuti akamufinya Mussolini athawira kwa Hitler. Panalinso nkhani yakuti America sanali membala wa League, ndiye akanatha kugulitsabe mafuta. Pamapeto pake anataya zonse ziwiri. Ethiopia anagwa, Hitler analowetsa asilikali ku Rhineland pa 7 Malichi 1936 anzake ali otanganidwa, ndipo Mussolini anapitabe kwa Hitler. Paja amati njovu zikamalimbana wovutika ndi udzu, koma apa udzu unavutika chifukwa njovu zinkanyengererana.

Apa ndiye pali bodza loyamba la gemu. Imaika tsogolo la dziko m'manja mwa wosewera, chifukwa gemu imene sungapambane palibe angaigule. Mwana amatulukamo akuganiza kuti Ethiopia anagonja chifukwa Haile Selassie sanasewere bwino. Pamenepo mlandu wachoka kwa amene anathira poizoni ndi amene anayang'ana kumbali, wapita kwa womenyedwayo.

Bodza lachiwiri n'lakuti dziko lili ndi mutu umodzi. Pa kompyuta ukalamula, gulu la asilikali limayenda. Koma Haile Selassie ankalamulira kudzera mwa akalonga otchedwa Ras, aliyense ndi asilikali ake, dera lake ndi zofuna zake. Haile Selassie Gugsa, amene anali mkamwini wa mfumu, anathawira kwa Italy mu Okutobala 1935 nkhondo itangoyamba. Anthu a ku Raya ndi Azebo, amene anali ndi zifukwa zawo zodana ndi boma la ku Addis Ababa, ankathira nkhondo asilikali a mfumu pamene ankabwerera. Opanga gemu ayesa kuikamo zina mwa izi, koma zikangosanduka manambala oti wosewera awakweze kapena kuwatsitsa, mwana saonanso kuti anali anthu okhala ndi madandaulo awo.

Bodza lachitatu ndi la kudziwiratu. Wosewera amadziwa kuti nkhondo yaikulu iyamba mu 1939, amadziwa kuti Italy adzakhala mdani wa Britain mu 1940, ndipo akaluza amayambiranso. Zili ngati munthu wosewera bawo amene amaloledwa kubweza njere nthawi iliyonse akadyedwa. Anthu a mu 1935 analibe mwayi umenewo, kwa iwo madzi akatayika sankawoleka. Hoare ndi Laval sankadziwa za 1939. Izi sizikuwachotsera mlandu, koma tikafuna kumvetsa chifukwa chimene anachitira zimene anachita, tiyenera kuima pamene iwo anaima n'kuona zimene iwo ankaona.

Bodza lachinayi ndi limene limandisautsa kwambiri. Mapu a gemuyi ndi okongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Gemu imakuwerengera asilikali amene afa, koma sikuonetsa mudzi umene wathiridwa poizoni kapena ng'ombe zofera pa mtsinje. Pa 30 Disembala 1935 ndege za Italy zinaphulitsa chipatala cha Red Cross cha anthu a ku Sweden pafupi ndi Dolo. Pa 19 Febuluwale 1937 anyamata awiri anaponyera Graziani mabomba ku Addis Ababa, ndipo kwa masiku atatu anthu wamba anaphedwa mumzindawo. Boma la Ethiopia limati anafa 30,000, pamene wolemba mbiri Ian Campbell anawerengera pafupifupi 19,000. Mu Meyi chaka chomwecho amonke a ku Debre Libanos anaphedwanso. Ngakhale kuphedwa kwa Ayuda mamiliyoni 6 mu ulamuliro wa Hitler mulibe m'gemuyi. Ndikumvetsa kuti kampani singafune kusandutsa zoterezi masewera. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu amatha kulamulira Italy wa Mussolini usiku wonse n'kukagona manja ali oyera.

Kodi ndiye tiwaletse ana? Ayi. Funso lakuti "chikanachitika n'chiyani" silinayambe ndi makompyuta. E. H. Carr, m'buku lake la 1961 lotchedwa What Is History?, analiona ngati macheza otayitsa nthawi. Niall Ferguson, m'buku la Virtual History la 1997, anati funsoli n'lothandiza malinga ngati tikukamba njira zimene umboni ukusonyeza kuti anthu a nthawiyo anaziganiziradi. Ine ndili mbali ya Ferguson pa mfundo imeneyi. Nthawi iliyonse tikauza ana kuti League inalephera chifukwa sinaletse mafuta, timakhala tikunena kuti ikanaletsa zinthu zikanasintha. Timasewera kale masewerawa, kungoti sitivomera. Ndipo muyeso wa Ferguson umatithandiza kusiyanitsa. Kuletsa mafuta kunakambidwadi ku Geneva, ndiye ndi funso la mbiri. Ethiopia wachikomyunizimu mu 1936 wolanda Rome ndi nthano yosangalatsa basi.

Nkhaniyi ikutikhudzanso ife mwachindunji. Pa mapu a 1936 a gemuyi, dziko lathu langopakidwa utoto wa Britain. Koma amene anathandiza kuchotsa Italy ku Ethiopia ena anali agogo athu. Mu Ogasiti 1940 asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anamenya nkhondo ku Tug Argan m'dziko la British Somaliland. Mu 1941 magulu ochokera ku Kenya ndi ku Sudan, mothandizana ndi zigawenga za ufulu za ku Ethiopia zotchedwa Arbegnoch zimene sizinasiye kumenya nkhondo chigwere Addis Ababa, anagonjetsa Italy. Haile Selassie anabwerera mumzindawo pa 5 Meyi 1941, zaka 5 ndendende chilowere Badoglio, ndipo asilikali omaliza a Italy anagonja ku Gondar mu Novembala 1941. Taganizani, anthu olamulidwa ndi atsamunda kukamasula dziko la anzawo kwa atsamunda ena, kenako n'kubwerera kwawo kukakhoma msonkho. Palibe wopanga gemu akanapeka nkhani yoposa imeneyi. Mukamadutsa msewu wa Haile Selassie ku Blantyre kapena chipilala cha KAR ku Zomba, muzikumbuka zimenezi.

Kwa aphunzitsi anzanga, sukulu zathu zambiri zilibe makompyuta okwanira, koma phunziroli silifuna magetsi. Gawani kalasi m'magulu anayi, Britain, France, Italy ndi Ethiopia, muwauze kuti lero ndi Novembala 1935. Gulu lililonse mulipatse zokhazo zimene dzikolo linkadziwa nthawiyo, ndipo aliyense wotchula 1939 achotsedwe malikisi. Asankhe chochita pa nkhani ya mafuta ndi Suez. Akamaliza, ayankhe mafunso atatu. Kodi njira imene mwasankhayi inaganiziridwadi ndi anthu a nthawiyo? Ndani akanaikana, ndipo chifukwa chiyani? Ndani akanalipira ndi moyo wake? Mudzaona kuti gulu la France silichedwa kuyamba kulankhula ngati Laval, ndipo ana amadabwa okha.

Kwa inu ana anga akale amene mumasewera, sewerani ndithu, mumuthamangitse Mussolini mpaka kunyanja. Koma mukatseka laputopu, kawerengeni za Maychew ndi Debre Libanos, ndipo ngati kwanu kunali agogo amene anapita ku KAR, funsani akuluakulu akadali moyo kuti anakafika kuti.