Mmene Chizungu chinalowera m'kalasi

Adzukulu anga, sukulu kuno kwathu anaibweretsa ndi amishoni, boma linabwera m'mbuyo. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anamanga ku Mvera mu 1889 asanakhazikike ku Nkhoma. Sukulu zawo za m'midzi zinali zofolera ndi udzu, ana n'kumakhala pa zipika. Kuno kuchigawo chapakati ankaphunzitsa m'Chinyanja, popeza azunguwo ankafuna kuti munthu azidziwerengera yekha Mawu a Mulungu. Buku Lopatulika lonse linatuluka mu 1922.

Ife tinayamba Sub A tikulemba ndi chala pamchenga, kenako pasileti. Masamu tinkachita ndi timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi. Zonse zinkalowa m'mutu bwinobwino. Zinthu zinkasintha munthu akafika makalasi apamwamba, pamene masamu, mbiri ndi zachilengedwe zonse zinkasanduka Chizungu. Taganizani, mwana amene wabzala chimanga kuyambira ali wamng'ono, wodziwa mbewu yofumbwa pongoigwira m'manja, aphunzitsi akamufunsa mmene mbewu imamerera ankangoti kukamwa yasa! Nzeru anali nazo, koma pakamwa anali atamumanga. Tinkaloweza ndime zathunthu usiku pa koloboyi, m'mawa n'kukazilakatula osadziwa kuti tikunena chiyani.

Kusukulu kwathu, wogwidwa akulankhula Chinyanja ankamuveka fupa la ng'ombe m'khosi. Iyenso ankatchera khutu kuti agwire mnzake womupatsira, ndipo amene waweruka nalo ankadzula chitsa. Anzathu ambiri anzeru anathawa sukulu chifukwa cha fupa limenelo, ena n'kupita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi.

Mu 1968 boma la Kamuzu linati Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko, ndipo ana aziphunzira m'Chichewa kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, Chizungu chizitenga malo mu Sitandade 5. Ife tinasangalala, koma a kumpoto analira, chifukwa Chitumbuka anachichotsa m'sukulu ndi pa wailesi. Kwa mwana wa ku Rumphi, Chichewa nachonso chinali chachilendo. Kamuzu yemweyo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana ankaphunzira m'Chizungu, kuwonjezera Chilatini ndi Chigiriki.

Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti makalasi oyamba aziphunzitsidwa m'chilankhulo cha kumudzi kwa anawo, koma mabuku ake sanakwane. Lamulo la maphunziro la 2013 linabweza zonse, Chizungu kuyambira Sitandade 1.

Chizungu n'chofunika, sindikana, ntchito zambiri zimachifuna. Koma inu amene muli aphunzitsi, mwana akakhala chete m'kalasi musathamangire kumutcha mbuli. Mufunseni funso lomwelo m'chilankhulo cha amayi ake, mumve mmene ayankhire.